Ndinkatwika amayi kuti ndione makosi awo

Yesu Khristu atamandidwe, abale ndi alongo! Ine ndine Rozariya. Ambiri mumandidziwa ngati a enfermera akale aja, amene ndinkakubayani muli ana. Musaope, lero singano ndasiya kunyumba. Ndabwera kudzanena zimene Mulungu anandichitira.

Zinachitika Mputukezi adakalamula dziko lino. Ndinali mu kwarta, kalasi yachinayi, pasukulu ya mishoni ku Fonte Boa, nditangotha msinkhu kumene. Alangizi anandiuza kuti: "Ukakhala kumwezi usathire mchere m'ndiwo. Ukathira udzadula anthu a m'nyumba, adzatupa." Ndinamva. Ndinamva bwinobwino, abale anga.

Koma tsiku lina, ine ndili kumwezi, amayi anali kudimba, akukumba kachewere. Nyemba zili pamoto. Mwambo unali woti ndiitane kamwana kadzandithirire mchere. Koma amalume anali pakhonde pomwepo, ndikanaitana mwana akanadziwa zanga. Manyazi! Ndinatapa mchere, n'kuthira ndekha. Tinadya tonse.

Patapita miyezi, amayi atabereka chitsiriza wathu, khosi lawo linatupa. Apa, pansi pa kholingo, chinthu chonga dzira la nkhuku. Chithokomiro. Akamakwera chitunda ndi mtolo wa nkhuni, mpweya unkawathera. Ine mumtima ndinati: ndine. Ndawadula amayi anga, ndipo afa chifukwa cha ine.

Sindinauze munthu. Ngakhale pokalapa kwa ansembe ndinkanena za ulesi ndi mabodza, koma ichi ndinkachimeza. Chakudya sichinkalowa. Ndinaonda. Ndinkapemphera korona kuti Mulungu achotse chotupacho pa amayi achiike pa ine. Ndinafika pamenepo, abale ndi alongo.

Ndiye sukulu ili pafupi kutsekera, aphunzitsi athu, aporofesa Dumingu, anati: "Aliyense asankhe funso lakelake. Funso limene mulibe m'buku. Mukafufuze nokha patchuthi, mulembe m'kaderno, kope lanu lolembamo, mubwere nalo." Wina anasankha chiwawu cha kachewere. Wina nkhupakupa za ng'ombe. Ine ndinaimirira n'kunena kuti ndikufuna kudziwa chimene chimatupitsa makosi. Kalasi yonse inaseka.

Aporofesa anati: "Iwe Rozariya, wasanduka dotolo liti? Bwanji osasankha nkhuku?"

"Ayi, aporofesa. Makosi."

Kenako anati: "Chabwino. Koma uyambe ndi kuona, kuganiza kubwere pambuyo. Ndani ali nacho, ndani alibe."

Kunena n'kosavuta. Inu mukudziwa mmene tinakulira kuno. Mtsikana pamaso pa wamkulu amagwada, maso pansi. Khosi la munthu ungalione bwanji ukuyang'ana zala zake za kumapazi? Kuwonjezera apo, kuzizira kwathu kuno, mayi aliyense wafunda nsalu mpaka m'chibwano. Ndinayesa kufunsa mayi wina kuti, pepani, khosi lanuli linayamba liti? Anandithira maso. "Mwana wa ndani iwe? Wakutuma ndani?" Ndinathawa, kaderno kukhwapa.

Mmawa wina ndili kuchitsime, mayi wina anati: "Tanditwika, mwanawe." Ndinagwira mtsuko, tinanyamula. Iwo n'kukweza chibwano kuti aukhazike pankhata, nsalu n'kutsetsereka. Khosi lonse poyera! Eee, abale! Ndinangotsala pang'ono kuugwetsa mtsukowo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka wotwika anthu. Chitsime chathu, chitsime cha mudzi wa kutsidya, mpaka zitsime za kunjira ya ku Ulongwe. Ndikatwika munthu, ndinkapita kuseri kwa nthochi kukalemba. Anthu ankati: "Koma mwana wa aNabanda ndi waulemu!" Mulungu andikhululukire, sunali ulemu ayi. Ndinkaba makosi.

Ndipo zimene ndinaona zinandidabwitsa. Akatolika anali nazo zotupa. A Dachi anali nazo. Mabanja a kudambwe anali nazo. Akazi ambiri, amuna apo ndi apo. Chifukwa chiyani akazi? Mkazi wa wasitolo, amene anakulira ku Beira, khosi lake linali see. Chifukwa chiyani iyeyo? Mafunso ankabala mafunso, mpaka masiku ena ndinkaiwala kuti ndili ndi mantha.

Kenako ndinatwika aNasibeko, mayi wamasiye wokalamba. Analibe mwana, analibe mdzukulu, ankaphika okha n'kudya okha zaka zambirimbiri. Chotupa chawo ndiye chinali chachikulu kuposa zonse. Ndinakhala pansi pa nthochi paja n'kulemba kuti: nanga awa anawathirira mchere ndani?

Tchuthi chisanathe ndinatengera kaderno uja kuchipatala cha mishoni, kwa sisitere amene ankapereka mankhwala. Tinkangowatchula kuti a Irima. Anawerenga tsamba ndi tsamba, n'kufunsa kuti wandiphunzitsa ndani zimenezi. Ndinati palibe, ndimangotwika anthu. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenako anandiuza kuti pali kanthu kena kotchedwa iyodo kamene thupi limafuna. Kunyanja yamchere kaliko kambiri, koma m'nthaka ya kumapiri kuno n'kochepa. Kakasowa, khosi limatupa, makamaka mwa mayi woyembekezera. Masiku ano amakaika mumchere wa m'mapaketi, koma nthawi imeneyo kwathu kunalibe zimenezo. A Irima anali ndi kabotolo ka madontho. Anati: "Kawatenge amayi ako."

Ndinawapeza kudimba, dzuwa lili pamutu. Ndinagwada m'mzere momwemo. Ndinkafuna kunena za madontho, koma pakamwa panatuluka zina.

"Amayi, ndinathira mchere ndili kumwezi. Tsiku la nyemba lija. Ndimati ndine ndinakutupitsani."

Anaika khasu pansi. "Ndiye kuonda konseku n'chimenechi?"

"Inde, amayi."

"Chaka chonsechi?"

"Inde."

Anagwira dzanja langa n'kuliika pakhosi pawo. Kanali koyamba kulikhudza. "Mwana iwe! Ichi chinayamba ndili ndi pakati pa iweyo. Kanali kakang'ono, ndinkakabisa ndi mikanda. Unali usanabadwe n'komwe, ukanathira mchere uti?" Anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka kulira. Tinalira tonse awiri m'kachewere muja.

Aleluya, abale ndi alongo! Sindinabwere kudzanyoza mwambo wa makolo ayi. Ndabwera kudzanena kuti Mulungu anandimasula ndi funso. Ndinkapempha chozizwitsa, Iye anandipatsa kaderno ndi chitsime.

Amayi anamwa madontho aja. Chotupa sichinathe chonse, sindikunamizani, koma chinachepa, mpweya unabwerera, ndipo anakhala mpaka kubereka ana anga kumbuyo. Ufulu utabwera ndinakaphunzira za chipatala, ndagwira ntchitoyo mpaka tsitsi layera. Pano ndimalima nyemba, ndimayimba m'kwaya, ndipo ndikakupatsani moni ndimayang'anabe khosi lanu. Mundikhululukire, sindinasiye.

Ndikuthokoza Mulungu wanga. Chimene chimandiwawa n'chimodzi chokha. Chaka chathunthu ndinadziyesa wakupha, pamene yankho linali ndi munthu amene ndinkadya naye mbale imodzi. Atsikana muli kumbuyoko, ngati pali chimene mukudziimba nacho mlandu, amayi anu akadali moyo, kawafunseni lero. Ambuye akudalitseni. Amen.