Khutu Lamwano la a Wadson

Thandizo anachita kuwakoka malaya bambo ake kuwachotsa pa njanji, sitima ikuliza hutala mpaka mbuzi za ku Utale kubalalika, iwo akungokankha njinga yawo ya thonje ngati ali pabwalo pawo. Atafika kunyumba anawakhazika pa mpando wandalema. Lolemba anali kubwerera ku yunivesite, ndipo sakanawasiya a Wadson akuwolokabe njanji ndi makutu amenewo.

"Ababa, sitima ija simunaimve?"

"Mtima? Mtima wanga uli bwinobwino."

"Sitima!" Anasendera kufupi. "Kodi mukudziwa zimene ndimaphunzira kusukulu kuja?"

"Zaunamwino."

"Iyayi. Za kulankhula ndi kumva. Timathandiza achibwibwi, ana ochedwa kulankhula, ndi anthu osamva."

A Wadson anawomba m'manja. "Anthu osamva! Mpaka kuwatsegulira sukulu? Ayi, pamenepo anaganiza. Ndiye mumawatani, mumawakwapula?"

"Timayamba tawayeza makutu."

"Eyaa, kumakutu komweko! Nafenso aphunzitsi ankatigwira kumeneko. Ukakoka bwino, mwana amamva tsiku lomwelo."

"Sitikoka, ababa. Timawaveka kamakina."

"Kamaluma?"

"Kamangokweza mawu."

"Kamawakalipira!" Anadzimenya pa bondo. "Azungu inu! Tsiku lonse?"

"Mpaka batire lithe."

"Chabwino kwambiri. Uyambe ndi mchimwene wako Maziko. Ndinamuuza kuti thonje sabzala kudambo. Anabzala. Ndinamuuza kuti njinga yamoto ya ngongole ayi. Anatenga. Ameneyo umuveke tiwiri."

"Maziko amamva bwino. Ndinamuyeza chaka chatha."

"Maziko? Amamva?"

"Makutu onse awiri."

"Ndiye makina akowo ndi abodza. Ukawabweze."

Thandizo anapumira m'mwamba. Ku yunivesite anawaphunzitsa kuti wodwala umamuyang'ana kumaso, n'kumuuza zoona pang'onopang'ono. Anawayang'anadi kumaso.

"Ababa, osamva amene ndikunena ine ndi inuyo."

A Wadson anavula chipewa, kuchiyang'ana mkati, n'kuchivalanso.

"Wati ndani?"

"Inuyo."

"Ine? Wadson?" Anadzuka. "Zaka makumi awiri ndili mkulu wa mphakati! Alangizi akati bzalani pamzere, ndimabzala pamzere. Ansembe akati gwadani, ndimagwada ndi nyamakazi yomwe. Amako akati nsapato musalowe nazo, ndimavulira pakhomo. Lero mwana wobala ndekha ati sindimva?"

"Sikuti simumveratu. Lakumanja limamvako pang'ono. Lakumanzere ndiye ayi."

"Hee! Wayamba kundigawa pakati? Mbali iyi yaulemu, mbali iyi yamwano?"

"Zimachitika, ababa. Makamaka munthu akamakula."

"Ndikukula ndikuipiraipira, eti?"

"Inde. Chaka chilichonse zimawonjezekera."

"Mayo ine!"

"Musadandaule, si inu nokha. Agogo aamuna aja nawonso anamwalira osamva. Nthawi zina n'zakumtundu."

A Wadson anagwira mutu ndi manja awiri. "Watukwana ine, sunakhute, wapita kukadzutsa ali kumanda! Bambo wanga amene sanayankhepo munthu wamkulu chibadwire!"

"Sankayankha chifukwa sankamva."

"Iwe!"

Tsono pa mlomo pa Thandizo panali liwu limodzi limene likanathetsa mlandu wonsewu. Koma aphunzitsi ake analiletsa chaka choyamba chomwe. Ati n'lonyoza, osalitchula pamaso pa wodwala, amene walilemba pamayeso amuchotsera malikisi. Analimeza.

"Mawa tipite kuchipatala ku Balaka."

"Kukandineneza?"

"Kukakuyezani."

"Makutu angawa sanasinthe msinkhu chikwatire amako. Akufuna kusoka chiyani?"

"Sayeza kutalika. Amakulowetsani m'kachipinda, n'kutseka chitseko."

"Chitokosi!"

"Mphindi makumi awiri zokha. Mukamva kulira, mumakweza dzanja."

"Akulirayo ndani?"

"Makina."

"Ndisanakweze dzanja amandisiya momwemo?"

"Amawonjezera mphamvu mpaka mukweze."

"Sindipita." Anakhala pansi n'kupinda manja. "Munthu wosamva amapita naye kwa ankhoswe, osati kuchipatala. Itana amalume ako. Itana amako. Anene pamaso panga tsiku limene anandiuza chinthu ine n'kukana."

"Amayi ndi amene anandiimbira foni. Akuti amakuitanani kasanu, inu osatembenuka."

"Nawonso ali momwemo? Ndiye mwapangana!"

"Akuti wailesi mumaikweza mpaka a Nasoro kutsidya amamvera nyuzi panyumba pawo."

"Ndi kuwathandiza kumeneko. Alibe wailesi."

"Ababa, chonde."

"Ndati sindipita. Njanji ndayamba kuwoloka iwe usanabadwe, ndipo mawa ndiwolokanso. Thonje latsala matumba atatu."

Pamenepo Thandizo anaiwala sukulu, anaiwala malikisi. Anawona malaya aja m'dzanja lake, sitima ikudutsa chapompo, mphepo yake ikuwomba kumaso. Anaimirira, misozi ili mbwembwembwe, n'kukuwa mpaka nkhuku kuthawira kuseri.

"Ababa, mwagontha! Mwagontha, ndipo sitima ikanakuphani lero ine ndikuwona!"

Anadzigwira pakamwa. Anadikira mkuntho.

A Wadson anamasula manja. "Ooo. Kugontha?"

"Pepani, ababa. Liwu limenelo sitiloledwa..."

"Bwanji osanena kalekale? Zimenezo ndiye ndikuzidziwa. Zaka zinayi tsopano kutchalitchi ndimangoyang'ana milomo ya ansembe. Anzanga akaseka, nanenso ndimaseka."

"Mukudziwa?"

"Makutu ndi anga, ndilekerenji kudziwa? Kugontha ndi matenda, mwanawe, ngati nyamakazi. Kusamva ndi khalidwe. Munthu sachita manyazi ndi matenda." Anakanda khutu lakumanzere lija. "Kamakinako kamachizadi?"

"Sikachiza, koma sitima mudzaimva."

"Basi, tinyamuke m'mamawa dzuwa lisanatenthe. Matumbawo awolotse Maziko, poti iye akuti amamva."

Thandizo anapukuta misozi ndi chitenje. A Wadson anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupukusa mutu.

"Paja wati uli chaka chachingati?"

"Chachitatu."

"Zaka zitatu ukuphunzira kulankhula, liwu limodzi lakutengera tsiku lathunthu! Ine mawa ndikukakonzetsa makutu. Iwe ukabwerera Lolemba, ukakhale mpando wakutsogolo, ukakonzetse pakamwa."