Kugona Si Kukhala

Kkkk koma madala ena ndi ovuta. Awa anathyoka mwendo, uli m'chikhakha, ndiye Lolemba mwana wawo wamkazi akuyenera kubwerera ku koleji ndi matilesi, ndowa, masutikesi atatu. Analowa mu ofesi ya inshuwalansi akutsimphina kuti mwanayo alembedwe aziyendetsa galimoto yawo, mlamu wawo atawagwira mkono. Mlamuyo anakhala pabenchi kumbuyo, phee.

“Mayi, muonjezerepo mwana wanga pamenepo. Layisensi ali nayo.”

Kalaliki anakankhira magalasi pamphuno. “Amakhala m'nyumba mwanu?”

“Aaa, nanga akhale kuti? Ndi mwana wanga.”

“Amagona kuti?”

“Ku koleji.”

“Ndiye sakhala m'nyumba mwanu.”

“Mwati bwanji?!”

“Fomu ikuti wam'nyumba ndi amene amagonamo masiku oposa 182 pachaka.”

Madala anagogoda pansi ndi ndodo yoyendera, gogogo. “Mayi, kugona si kukhala! Chipinda chake chilipo. Mswachi wake uli m'kapu. Chidole chake chopanda diso chili pabedi, palibe amachigwira!”

“Chidolecho ndiye chimakhala m'nyumba mwanu.”

“Iii!”

“Chili ndi layisensi?”

kkkkk mayiwo sanaseke olo pang'ono, anafunsadi cholembera chili m'manja.

“Tamverani,” madala thukuta kamukamu, “ndinamubereka ine. Matewera ndinachapa ine.”

“Palibe bokosi la matewera, bambo. Pali la kugona. Titchulireni onse ogona kwanu.”

“Ine. Mayi ake.”

“Basi?”

Madala anayang'ana kudenga, kenako anatsitsa mawu. “Ndi mlendo mmodzi.”

“Anabwera liti?”

“Anangobwera kudzaona mlongo wake kwa masabata awiri.”

“Liti?”

“...Zaka zitatu zapitazo.”

Cholembera chinayamba kuthamanga. Mlendoyo ndi mlamu uja, ndipo zaka zitatu zonsezo akapempha galimoto madala amamuyankha chimodzimodzi, alamu ndikanakonda, koma a inshuwalansi amakana. Munthu amene anagunda geti ndi wilibala!

“Musalembe zimenezo!” ananong'ona. “Ameneyo sakhala kwathu. Amangogona!”

“Eya, ndi zomwe tikufunazo.”

“Kugona si kukhala!”

“Mwanena kale. Layisensi ali nayo?”

“Ayi!”

“Ndili nayo,” anatero mawu kuchokera pabenchi.

Eeee! Madala sanacheuke.

Kalaliki anakweza mawu ngati akulengeza pa depoti ya basi. “Ndiye palibe vuto. Alamu anuwa ndi a m'nyumba. Akhala ali ololedwa kuyendetsa galimotoyi kuyambira chaka choyamba chomwe. Lolemba okamusiya mwanayo ku koleji ndi iwowa.”

“Nanga mwana wanga?”

“Ndi mlendo.”

Dinda! Chidindo papepala.

Mlamu anadzuka pang'onopang'ono, nkudzikuntha fumbi pathalauza, kumwetulira mpaka m'makutu. Anatambasula dzanja. Madala anafumbata makiyi m'thumba ngati ndi dzira lomaliza, maso ali pa fomu ija, milomo ikuwerengera chinachake.

“Mayi,” anatero mwaulemu kwambiri, “mwati munthu akagona kwina masiku angati asiye kukhala wam'nyumba?”

“183.”

Makiyi aja anawaponya okha, ngwiii m'dzanja la mlamu.

“Alamu, mukamusiye mwana bwinobwino. Ndipo musathamangire kubwerako, ndikakulongedzerani matilesi achiwiri.”