Galasi linaundana ambuya akubanika kumbuyo

Moni nonse abale ndi alongo mwa Yesu, makamaka inu amene mumadyera pa chiwongolero ngati ine. Ndine munthu wosayankhulayankhula, koma za m'mawa uja wa mwezi wa Julaye, pamene ndinatsala pang'ono kutaya ambuya anga m'mbali mwa msewu chifukwa cha galasi la galimoto, sindingathe kuzisunga ndekha.

Makolo anga anamwalira ndili wakhanda, ngakhale nkhope zawo sindizidziwa. Anandilera ndi ambuya, mayi wawo wa mayi anga, m'mudzi wina wa kudambo kunja kwa Sinda. Nditakula ndinapeza ntchito yoyendetsa kagalimoto ka munthu wina, konyamula anthu pakati pa Sinda ndi Katete, ndipo madzulo ndinkapita nako kumudzi.

Chaka chimenecho kunazizira koopsa, mpaka masamba a nthochi kudimba anawauka ngati apsa ndi moto. Ambuya anayamba ndi chifuwa, akumati ndi chimfine chabe. Tsiku lina kutangocha ndinawapeza akupuma mobanika, milomo itada, thupi likutentha. Ndinawafunditsa mabulangete onse a m'nyumba, n'kuwagoneka pampando wakumbuyo kuti tithamangire kuchipatala ku Katete.

Galasi lakutsogolo ndinalipeza litayera. Mame a usiku anali ataundana ngati mchere, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo pa galimoto. Nditayatsa mawaipa, labala ya mbali yanga, imene inali itamatirira pagalasi, inang'ambika n'kutsala chitsulo chokha chikukanda. Inu madalaivala mukudziwa kuti mvula ikangotha mawaipa timawaiwala, dzuwa n'kuwaumitsa mpaka Novembala. Ndinakanikiza kabatani ka madzi otsukira galasi, kamota kanalira, koma sipanatuluke ngakhale dontho, chifukwa madzi anali ataundana m'timapaipi. Ndinapala kamalo kakang'ono ndi zikhadabo n'kunyamuka.

Pamsewu wafumbi ndinapezeka kumbuyo kwa lole ya thonje, ndipo fumbi lake lonse linamata pagalasi lonyowalo. Nditakwera pa tala n'kukhotera kummawa, dzuwa linali likutuluka, linandimenya pamaso penipeni, galasi lonse linasanduka khoma loyera. Ndinatsitsa zenera n'kutulutsa mutu, koma mphepo inalowa ndipo ambuya anatsokomola mpaka kusowa mpweya. Posakhalitsa ndinatsala pang'ono kugunda bambo wa njinga ya makala. Ndinaima pambali.

Ndinapukuta ndi malaya anga, koma matope ankangofalikira n'kuumanso pomwepo. Ndinaimitsa magalimoto, onse anadutsa. Nditasuzumira kumbuyo, ambuya anali atatseka maso, chifuwa chikulira ngati kanyama kogwidwa mumsampha. Pa dziko lonse ndinali ndi munthu mmodzi yekhayo. Ndinagwada pafupi ndi tayala, ndipo pemphero langa linali lalifupi: Mulungu, ngati mwawafuna atengeni, koma osati pano pamsewu, ine ndikungoyang'ana.

"Adalaivala, mwagwada pamenepo, motoka yafa kapena mwafa ndinu?"

Anali bambo wachikulire wovala jekete long'ambika, botolo la kachasu lili m'manja, akuchokera kumene anagonera mowa. Ndinangowalozera kumbuyo. Atawaona ambuya, kuseka kunawathera. Anati kale ankayendetsa malole opita ku Joni, kumene zimenezi zimachitika tsiku ndi tsiku nyengo yozizira. Anandiuza kuti nditsegule boneti ndipo injini ndisazimitse. Anazula waipa ya mbali ya wokwera, imene inali idakali yabwino, n'kuimanga mbali yanga. Kenako anayang'ana botolo lawo kwa kanthawi, monga munthu wotsanzikana ndi mnzake, n'kuthira theka pagalasi, theka linalo m'kabotolo ka madzi otsukira.

"Uyu saundana, mphwanga," anatero. "Ine wandisunga zaka zambiri."

Ndinaona ndi maso anga zoundanazo zikusungunuka, matope akutsika. Titadikira pang'ono madzi anatuluka, waipa imodzi ija inadutsa, ndipo msewu unaoneka. Ndinafuna kuwafunsa dzina, koma anamenya padenga la galimoto n'kukuwa kuti, "Pitani, mayiwa sakudikira zikomo wanu!"

Fungo la kachasu linadzaza m'galimoto monse. Tikuyandikira Katete ndinamva mawu ofooka kumbuyo: "Lameki, wayamba liti kumwa?" Ndinaseka misozi ikutsika, chifukwa amenewo anali mawu awo oyamba kuyambira m'mawa.

Kuchipatala anati chinali chibayo, ndipo namwino anandiuza kuti tikanachedwa pang'ono sakanatha kuchitapo kanthu. Ambuya anagonekedwa, anachira, ndipo ndinabwerera nawo kumudzi. Mphamvu zawo sizinabwererenso monga kale. Komabe anaona mvula ikugwa, anakhala pakhonde kundilangiza pobzala mtedza, anadyako chimanga chachiwisi. Anatisiya nthawi yokolola, pamphasa pawo, mpingo ukuimba, dzanja lawo lili m'manja mwanga. Nyumba ija tsopano ili zii, ndipo pali masiku amene ndimafika madzulo n'kukhala m'galimoto nthawi yaitali, osafuna kulowa. Bambo a jekete aja ndawafunsafunsa m'midzi ya m'mbali mwa msewu, koma mpaka lero sindinawapeze.

Anzanga a pamsewu, nyengo yozizira ikayandikira yang'anani mawaipa anu, madzulo muziwadzutsa kuti asamatirire pagalasi, ndipo m'madzi otsukira muzithiramo kaspiriti pang'ono. Simudziwa amene mudzamunyamule m'mawa mwake.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mwana wamasiye pambali pa tayala, ndipo sananyansidwe kutuma munthu amene ambiri akanamulambalala. Iwe amene waima panjira lero, kutsogolo kosaoneka, usaleke kuitana, ndipo usamuuze Mulungu woti amutume. Sanandipatse ambuya anga kwamuyaya, koma anandipatsa miyezi ija yowasamala ndi kutsanzikana nawo bwino, ndipo pa zimenezo ndidzamutamanda ngakhale ndikulira. Ameni.