Botolo Limene Ndinamwera ku Kanyama

Abale anga mwa Ambuye, mundikhululukire mawu osasa awa. Ndi okhawa amene ananditsalira.

Dzina langa ndine Sakala. Akale a ku Chawama amandikumbukira ndili pa mbaula ya michopo, pakhomo pa bala ina pafupi ndi msika. Ndinkawotcha nyama ya mbuzi, fodya ali pakamwa, kachasu ali m'thumba. Chimene ndinkanyadira chinali pakhosi panga. Ndinkagugudiza botolo lonse osapumira, anyamata akuwomba m'manja. Mkazi wanga, amake Dalitso, akatchula za tchalitchi ndinkangomuseka.

Kenako mawu anayamba kusasa. M'khosi munamera kachotupa kolimba, kosapweteka. Ndinakanyozera mpaka tsiku limene ndinalavula magazi pa makala. Kuchipatala anati ndi khansa.

Anandiwotcha khosi ndi makina awo, chotupa chinaphwa. Ndinaganiza kuti ndapulumuka, osadziwa kuti imfa yangosamukira m'mbale.

Malovu anauma. Chakudya chinkaima pakhosi ngati mchenga. Namwino anandichenjeza kuti kwa ine madzi ndi oopsa kuposa nyama, chifukwa amathamanga n'kulowa njira ya mpweya. Anati ndizidya phala lofewa ndi kasupuni, nditakhala chowongoka, chibwano chili pansi. Anatinso ndikapitiriza kuonda adzandiika paipi pamimba. Ndinakanitsitsa. Ine Sakala wa michopo, kudyera m'paipi?

Ndinayamba kudyera kuseri kwa katani kuti ana asandione ndikutsamwa. Lamba ndinamuboola mabowo atsopano. Supuni iliyonse ndinkaiopa, koma manyazi anali aakulu kuposa mantha.

Mnansi wina ananditengera kwa mneneri ku Kanyama, m'chinyumba cha malata chodzaza anthu. Mneneriyo anandipatsa botolo la madzi opempherera.

"Ba Sakala, imwani manzi yonse aya kamozi, osapumula. Mukaimilila pakati, ndiye kuti mulibe chikhulupililo."

Mawu a namwino ndinkawakumbukira bwinobwino. Koma anthu anali atandizungulira, akuwomba m'manja monga kale pa bala paja. Ndinagadamitsa mutu n'kumwa.

Mpweya unatsekeka. Ndinagwa pansi, madzi akutuluka m'mphuno. Chimene chimandiopsa mpaka lero n'chakuti palibe anandigwira. Ankavina. Ankafuula kuti chiwanda chikutuluka. Ndinali kufa pakati pa anthu oimba nyimbo. Amake Dalitso ndiye anadutsa pakati pawo, nandiweramitsa, n'kumandimenya kumsana mpaka ndinakoka mpweya.

Pasanathe sabata thupi linatentha, chifuwa chikulira. Madzi aja anali atalowa m'mapapo, chinali chibayo. M'chipatala, bambo wa bedi loyandikana nane anali ndi matenda ngati anga. Anamufunditsa nsalu kumutu ine ndikuona.

Amake Dalitso anakhala m'mphepete mwa bedi langa, nalankhula motsitsa.

"Atate ake Dalitso, nifuna mwamuna wamoyo wa paipi. Sinifuna mtembo wa ulemu."

Ndinalira ngati mwana. Mawu opempherera ndinalibe, choncho ndinapemphera mumtima. Ndinauza Yesu kuti ndatopa kudzionetsera kwa anthu, anditenge mmene ndiliri. Ndinavomera paipi.

Nditachira pang'ono ndinayamba kubwera kuno ndi mkazi wanga. Koma Lamlungu la Mgonero litafika, mantha aja anabwerera. Mbale ya mkate inkayandikira mzere wathu. Ndikatsamwa pamaso pa mpingo wonse? Itafika pa ine ndinapinda manja.

Ba Mwale, mkulu wa mpingo amene akhala apawa, ndiwo ananyamula mbaleyo, ndipo sanapitirire. Anatsina kanyenyeswa, naviika m'chikho mpaka katafewa.

"Osathamanga, ba Sakala. Tizalindila. Ambuye sibali pa changu."

Ndinawongoka, ndinatsitsa chibwano monga anandiphunzitsira namwino. Palibe anawomba m'manja. Kanyenyeswa kaja kanatsika pang'onopang'ono, ndipo ndinapuma.

Sindikunamizeni kuti ndinachira. Paipi ikadali pansi pa malaya awa. Madzi wamba sindimwa, ndipo ndikatsokomola patebulo ana amasiya kudya n'kundiyang'ana. Kuchipatala amandifufuzabe m'khosi, sindidziwa chimene adzapeze ulendo wotsatira. Koma katani ija tinaichotsa. Ndimadya ndi banja langa, ndipo ndisananyamule kasupuni ndimathokoza.

Alemekezeke Yesu, amene sanandiuze kuti ndimwe zonse kamodzi.

M'bale wanga, mwina nawe uli ndi katani yako. Mwina mawu ako asasa kwa nthawi yaitali, kapena pali kachotupa kamene ukubisa ndi kolala ya malaya. Pita kuchipatala sabata ino, usadikire magazi. Ndipo bwera kwa Yesu lero, mpweya ukadalipo. Bwera pang'onopang'ono, mmene ungathere. Ife tidikira.