Bokosi Langa ndi Kiyi wa Kachipinda

Ine, mwini chitupa mwatengacho, amene kushopu kwathu ndi mumsewu monse amanditchula kuti Injiniya pofuna kundiseka, mkazi wa zaka 31, wosakwatiwa, wopanga mafelemu a mazenera ndi zitseko za aluminiyamu, ndikunena izi.

Ndapempha wapolisi akulembayu kuti pamene ndanena aluminiyamu asalembe chitsulo. Wafufuta kale kawiri.

Shopu inali ya bambo anga. Ndinali m'chaka chachitatu cha uinjiniya ku yunivesite pamene bambo anafa ziwalo. Mayi anandiitana kuti ndidzathandize miyezi itatu yokha, chifukwa achimwene anga, omwe ndi oyamba kubadwa, satha kuwerenga pulani. Papita zaka zisanu ndi zinayi. Bambo anamwalira, shopu inapita m'manja mwa achimwene, ndipo kuyeza, kujambula ndi kudula ndimachita ndine.

Chaka chatha achimwene anatsitsa chikwangwani chakale cha shopu, chimene chinali ndi dzina la bambo ndi mawu oti "ndi Ana Ake", n'kukweza chatsopano cha dzina lawo lokha. Chakalecho anachiponya pamulu wa zotaya kuseri. Chinakhala pamenepo miyezi isanu ndi itatu, dzinja lonse, nkhuku za aneba zikuchitirapo zawo. Palibe anachifunsapo.

Sabata zisanu zapitazo kunabwera mwini kampani ina yoika magetsi a dzuwa kudzaitanitsa mafelemu. Anaona pulani imene ndinajambula, nafunsa amene wajambula. Achimwene anali atatuluka, choncho mwini kampaniyo anamva zoona. Patapita masiku awiri anandiimbira foni n'kundipatsa ntchito. Anati antchito ake amakhala kutali miyezi ingapo, aliyense amabwera ndi zida zake, ndipo bokosi la zidazo liyenera kulowa pansi pa mpando wa lole. Anati lole idzanyamuka lero, Lolemba, 2 koloko masana, pamalo okwerera basi.

Bokosi ndinalibe. Ndinakatenga chikwangwani chija pamulu, ndinachitsuka ndi kuchipala utoto. Chinali cha aluminiyamu wokhuthala milimita imodzi ndi theka. Ndinayamba ndapanga bokosi la katoni, lotalika masentimita 45, m'lifupi 20, m'mwamba 22. Ndinaikamo zida zanga zonse khumi ndi zinayi, ndinalinyamula kuzungulira shopu kawiri, kenako ndinachepetsa m'mwamba ndi masentimita awiri. Mwa zidazo, zisanu ndi zinayi ndili nazo kuyambira ku yunivesite. Zisanu, zomwe ndi tupa awiri, nyundo yaing'ono, sizasi ya malata ndi chobowolera chapamanja, bambo anandipatsa ali pa bedi, pamaso pa madala amene amatidulira magalasi. Madalawo alipo, mukhoza kuwafunsa.

Makina opindira malata tilibe. Ndinapana aluminiyamuyo pakati pa zitsulo ziwiri pa vaisi n'kumamenya ndi nyundo ya mtengo. Kupinda koyamba kunang'ambika, chifukwa anali wouma ndi ukalamba. Ndinadula pong'ambikapo, ndinapaka sopo pa mizere yotsalayo, ndinawotcha mpaka sopoyo atada, monga ankachitira bambo, ndipo zina zonse zinapindika bwino. M'makona ndinalumikiza ndi mariveti 46, otalikirana masentimita atatu. M'mphepete monse ndinapindira m'kati kuti pasacheke dzanja. Pansi pa chogwirira, kum'kati kwa chivindikiro, ndinaikapo kachitsulo kophwatalala kuti chogwiriracho chisazuke ndi kulemera. Lopanda kanthu limalemera makilogalamu awiri, lodzaza khumi ndi imodzi.

Ntchitoyi inatenga ma Sande anayi ndi nthawi ya chakudya cha masana. Sindinabise. Ndinkagwirira pa benchi lalikulu, aliyense akuona. Tsiku lina achimwene anaima kumbuyo kwanga nati, "Injiniya wayamba kukhoma mabokosi a maliro a makoswe." Ine ndinati, "Mukadzafuna lanu mudzandiuze, koma muyeso ndidzatenga ndekha." Madala anaseka mpaka kutsokomola. Achimwene sanafunse kumene aluminiyamu wachokera. Anaona okha, chifukwa m'kati mwa chivindikiro zilembo zina zikuonekabe.

Lachinayi lapitali ndinauza mayi za ntchitoyo tikudya. Anandipempha mchere. Lachisanu ndinauza achimwene. Anati, "Tiona." Pa nthawi ino shopu ili ndi ntchito ya mazenera makumi anayi a nyumba yosanja. Ulendo womaliza umene achimwene anakayeza okha, mazenera asanu ndi limodzi anakana kulowa.

Lero cha m'ma 8:30 m'mawa ndinalowa m'shopu ndi chikwama cha zovala ndi bokosi langa kuti nditsanzikane ndi madala. Zonse ndinaziika pa benchi, foni ili m'chikwamamo. Cha m'ma 8:45 achimwene anandiuza mofatsa kuti ndisanapite ndiwasonyeze pamene pali mphira wa mazenera aja. Mphira umakhala m'kachipinda kosungira katundu kumapeto kwa shopu. Kachipindako n'kotalika mamita atatu, m'lifupi awiri. Kalibe zenera, kali ndi kabowo ka mpweya pafupi ndi denga, ndipo chitseko chake n'chachitsulo. Ndinalowa, ndinawerama kuti ndikoke katoni ya pashelefu yam'munsi. Chitseko chinatsekeka. Ndinamva loko akulira.

Ndinati, "Achimwene, tsegulani."

Anati, "Wati ndiwe injiniya. Jambula chitseko china utulukirepo."

Ndinamva madala akuti, "Bwana, izi si zabwino." Achimwene anawauza kuti akakwere galimoto, akupita kukasiya magalasi ku nyumba yosanja ija. Kenako anaitana mayi kuchokera kunyumba, yomwe ili kuseri kwa shopu, mapazi ngati makumi awiri. Mawu awo ndikuwakumbukira bwino: "Kiyi uyu. Mutsegule 3 koloko, osati isanakwane." Galimoto inachoka 9 koloko. Wotchi ndinali nayo pamkono.

Mayi anakoka mpando wa pulasitiki n'kukhala kunja kwa chitseko. Pansi pa chitsekocho pali mpata wa zala ziwiri, ndipo ndinkaona mapazi awo.

Ndinati, "Mayi, nditsegulireni."

Anati, "Mwana wanga, usandiike pakati."

Ndinati, "Simuli pakati. Muli kunja ndi kiyi."

Cha m'ma 10 koloko ananena kuti shopuyi ndi imene imatidyetsa tonse, iwo, achimwene, alamu anga ndi ana atatu. Anati mazenerawa akakanika, dzina la bambo lithera pomwepo. Ndinawayankha kuti dzina la bambo linagona pamulu wa zotaya miyezi isanu ndi itatu ndipo sanakalitole. Anati, "Pakamwa pakopo ndi pamene panakusowetsa mwamuna." Ndinati, "Ndi pomweponso pamawerengera mwana wanu wamwamuna manambala."

Cha m'ma 11 koloko kunabwera kasitomala, mayi wina amene tikumupangira chitseko cha bafa. Anafunsa za ine. Mayi anga anamuuza kuti ndatuluka pang'ono. Mayiyo anaima mamita osakwana anayi kuchokera pamene ndinali. Sindinakuwe. Anachoka.

Denga la kachipindako ndi la malata. Pofika 12 koloko bulauzi yanga inali itanyowa yonse. Mayi analowetsa magawo awiri a buledi pansi pa chitseko atawaika pa nyuzipepala. Anayesa kulowetsanso madzi m'mbale yaing'ono, koma mbaleyo inakana mpata ndipo madzi anatayikira pansi. Buledi ali pomwepo mpaka pano, mukapita mukamupeza.

Anati, "Miyezi itatu yokha, mwana wanga. Mazenera akatha ndidzakuperekeza ndekha ku basi."

Ndinati, "Miyezi itatu yoyamba ija yatha liti?"

Wapolisi wandifunsa chifukwa chimene sindinatulukire msanga ngati njira ndinkaidziwa. Chitsekocho chinapangidwa kuti wakunja asalowe, osati kuti wam'kati asatuluke. Mahinji ake ali m'kati ndipo mapini ake ndi ongolowetsa. Izi ndinazidziwa kuyambira 8:45, ndipo ndi ntchito ya mphindi khumi. Ndinkadikira kuti mayi atsegule okha. Ndinawapempha kasanu. Komaliza kanali 1:10. Anati, "Achimwene ako adzandiona bwanji?"

Nthawi ya 1:15 ndinatenga msomali wa mainchesi asanu ndi limodzi ndi chidutswa cha chitsulo pashelefu, ndinagogoda mapini atatu kuchokera pansi, ndinakokera chitseko m'kati mbali ya mahinji, ndipo ndinatuluka cham'mbali. Mayi anali chilili, kiyi ali pa chingwe m'khosi mwawo. Anati, "Wathyola chitseko cha bambo ako." Ndinati, "Sichinathyoke. Mapini ali pashelefu yachiwiri."

Chikwama chinali pa benchi pomwe ndinachisiya. Bokosi ndinalipeza mu ofesi, pansi pa tebulo la achimwene. Pachivindikiro panali zipsera zitatu za munthu amene anayesa kukanula ndi sikuludiraiva. Silinatseguke, chifukwa ndinaliikira loko. Ndinanyamula zonse ndi kutuluka 1:30. Ndili pageti ndinamva mayi akulankhula pa foni.

Kuchokera kushopu kukafika pokwerera basi pali kilomita imodzi ndi theka. Ndinayenda pansi, ndikusinthanitsa manja. Ndinafika 1:50. Lole ndinaiona, yoyera, itaima pafupi ndi ogulitsa zipatso, mamita ngati makumi atatu patsogolo panga, anthu akukweza katundu. Pomwepo galimoto ya achimwene inaima mondipingasa. Anatsika akukuwa kuti, "Wakuba! Waba katundu wa shopu!" Anthu anatizungulira. Wina anandigwira chikwama. Mayi wina wogulitsa nthochi anati, "Wakuba wanji wofanana nanu nkhope chonchi?" Achimwene anagwira chogwirira cha bokosi ndi manja awiri, ine ndi dzanja limodzi, ndipo tinakokana. Anandikoka mpaka ndinagwada pansi, bondo lakumanzere n'kusupuka. Sindinasiye. Ndikufuna zilembedwe kuti anthu awiri aakulu anakokana pa chogwiriracho kwa mphindi ngati ziwiri ndipo palibe riveti imene inasuntha.

Apolisi awiri oyendera pamalopo anafika n'kutenga bokosi. Mwini kampani uja anabwera, anayang'ana bondo langa, kenako achimwene. Anati, "Mayi, za apolisi ine sindilowerera. Mukathana nazo pofika Lachisanu mundiimbire. Kupitirira apo ndatenga wina." Lole inanyamuka 2:10.

Tinafika kuno 2:40. Achimwene apereka dandaulo lakuti ndaba aluminiyamu ndi zida za shopu. Ndauzidwa kuti bokosi ndi zonse zili m'katimo zikhala kuno ngati umboni mpaka nkhaniyi itatha, kuti ndisachoke m'tauni ino, ndipo kuti tsiku loyamba limene nkhaniyi ingamvedwe ndi Lachitatu la sabata ya mawa. Ndafunsa ngati lingakhale Lachinayi lino. Ndauzidwa kuti ayi.

Cha m'ma 3:30, m'khonde la polisi ino, pamaso pa wapolisi wamkazi wa pa kauntala, achimwene anandiuza kuti achotsa dandaulo lawo lero lomwe ndipo bokosi ndilitenga, ngati ine sindinena za kachipinda ndiponso ngati nditsala mpaka mazenera atatha. Anati, "Ndife amodzi, mlongo wanga. Zapakhomo sizipita ku boma." Ndinawafunsa amene anayamba kukuwa pamsewu. Ndinakana.

Ndikupempha kuti bokosilo lisaikidwe pansi pa simenti ponyowa, ndipo asaunjikepo zinthu zolemera pamwamba. Kiyi wake ndapereka. Zida ndaziwerenga pamaso pa wapolisi, zilipo khumi ndi zinayi.

Wapolisi wandifunsa kawiri ngati ndikufunadi kuti mayi anga alembedwe mu umboni uno, ndipo wandikumbutsa kuti ndi munthu wamkulu. Zaka zawo ndikuzidziwa, ndi 63. Alembedwe. Amene anatseka ndi achimwene. Kiyi anali m'khosi mwa mayi kuyambira 9 koloko mpaka 1:15.

Pakali pano mayi ali pa benchi panjapo, chikwama changa chili pamiyendo pawo, akudikira kuti tibwerere limodzi. Wapolisi wafunsa kumene ndingapezeke akandifuna. Alembe kuti kunyumba kwa mayi, kuseri kwa shopu. Kwina kulibe.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera, ndakonza manambala awiri amene analakwika, ndipo ndasaina.

Wopereka umboni: ______________________

Wolemba umboni: ______________________