Jekete la Apongozi Sililowa Madzi

Mvula inayamba m'mawa ndipo pofika masana inali isanapume, pamene chitseko cha kashopu kochapira zovala chinatseguka, apongozi n'kulowa atavala jekete lawo lopaka phula, madzi akuchucha m'mikono yonse iwiri ngati mipopi yoiwala kutseka. Mkamwini wawo, amene ankasita malaya a kasitomala kuseri kwa kauntala, atangoona jeketelo anaweramitsa mutu, chifukwa sabata yapitayo, mkuluyo ali m'chipatala, iye anali atalichita chinthu chimene anali asanaululire munthu.

"Mwavumbwatu, bambo," anatero, akuimika simbi.

"Ndani?"

"Inuyo."

"Ine sindivumbwa, akamwini. Ndavala jekete."

Mkamwini anasuzumira pansi. Kadziwe kanali katayamba kale kuzungulira nsapato za mkuluyo.

"Nanga madziwa?"

"Ati?"

"Awa, afika pamwendo wa benchiwa."

"Denga lanu likudontha."

Mkamwini anayang'ana kumwamba, n'kuyang'anitsitsa ndithu, pakuti iye akauzidwa chinthu amachiona kaye.

"Pamwamba pathupa pali zipinda zina ziwiri, bambo. Kuti madzi afike kuno ayenera kudutsa kaye mwa telala ndi mwa dokotala wa mano."

"Ndiye kawafunseni iwowo."

Apongozi anakhala pabenchi. Jekete linalira kuti phwa.

"Mukudziwa inu," anatero akulisisita pachifuwa, "nsalu iyi ndi thonje lenileni, lomwetsedwa phula mpaka kukhuta. Mvula ikafika apa imagogoda, imva kuti mulibe malo, n'kubwerera. Madzi amangochita timikanda n'kumagubuduka."

"Lero sakuchita timikanda."

"Akuchita chiyani?"

"Akulowa."

"Iih! Mwaphunzira liti za majekete inu?"

"Sindinaphunzire. Ndikungoona malaya anu am'kati. M'mawa anali oyera?"

"Eya."

"Panopa ndikuona khungu."

"Thukuta limenelo. Ndayenda ndawala."

"Thukuta mpaka m'matumba?"

"Ndine munthu wa thukuta. Kwathu tonse."

"Nanga mano akugundanawo?"

"Ndikuimba chamumtima."

Mkamwini anatenga chokolopera n'kuyamba kupukuta mozungulira miyendo ya apongozi. Akapukuta kumanja, kumanzere kwadzaza. Mkuluyo anakweza mapazi mwaulemu kuti chokolopera chidutse, maso ali kukhoma ngati nkhani ya madziyo ndi ya anthu ena.

"Sindikhalitsa," anatero. "Ndangopatuka kuti ndikuuzeni kuti kalata yanu ija ndalemba."

Chokolopera chinaima. Kwa miyezi itatu mkamwini anakhala akupempha kalata imeneyi. Hotela yaikulu kumene apongozi anagwirako ntchito yokonza mapaipi mpaka kupuma inkafuna woyang'anira zochapa, ndipo manijala anali atanena poyera kuti mawu a mkuluyo ndi amene angamutsegulire chitseko. Tsiku lomaliza kulandira makalata linali lomwelo, folo koloko. Kwa miyezi yonseyo yankho la apongozi linali limodzi: tiona.

"Mwalemba, bambo?"

"Masamba awiri. Ndi peni yothira inki, osati timapeni tanu tamasiku anoti."

"Inki yamadzi ija?"

"Yomweyo."

"Ili kuti kalatayo?"

Apongozi anamenya pathumba lam'kati. Panamveka ngati munthu waponya thaulo lonyowa m'beseni.

"Mayo ine! Tulutsani, bambo, chonde."

"Ikhale momwemo. Palibe malo ouma m'tauni muno kuposa thumba limeneli. Ndikaipereka ndekha, m'manja mwa manijala."

"Wapansi?"

"Ndi theka la ola basi."

"Tengani ambulera yanga."

"Ambulera ndi ya anthu opanda jekete."

"Ndiye ndiitane takisi."

"Takisi ndi ya anthu opanda ambulera."

Mkamwini anayang'ana thumba lonyowalo. Anaona kuti njira zatsala ziwiri, ndipo zonse n'zaminga: akakhala chete, kalata ifika kuhotela ili phala, akaulula, mwina sifika n'komwe.

"Mwalembamo chiyani, bambo?"

"Zoona zokhazokha. Ndati ndinu munthu wosamala chovala cha mnzake kuposa chake. Ndati chiyambire simunawonongepo kanthu ka munthu."

"Mzere umenewo uli patsamba liti?"

"Loyamba. Ndaudula mzere kunsi kawiri."

Mkamwini anatsamiritsa chokolopera kukhoma, anapukuta manja pa epuloni, n'kuima njo ngati mwana wasukulu pamaso pa ahedi.

"Bambo, pali chimene ndinachita muli m'chipatala."

"Nenani."

"Ndinachapa."

"Mumachapa tsiku ndi tsiku. Si ntchito yanu?"

"Ayi, uku kunali kuchapa kwenikweni. Kunyumba. Katatu."

"Katatu?"

"Kachitatuko ndi ndodo."

Apongozi anawongoka. "Ndi ndodo? Munachapa ndani?"

"Mwana wanu..."

"Mwana wanga!"

"...ndi amene anayambitsa, bambo."

"Anayambitsa! Tamvani munthuyu! Analakwanji mwana wanga?"

"Sanalakwe. Vuto linali fungo."

"Fungo!"

"Eya. Ndi kumata. Ukangokhudza, dzanja limatsala pomwepo."

Mkuluyo anadzuka. Pabenchi panatsala chithunzi chake chamadzi, miyendo ndi zonse.

"Ine ndinamulera ndekha mwana ameneyo, sindinamukwezerepo ngakhale chala. Inu ndodo? Analira?"

"Ayi, anali kuntchito."

"Munamuchapira kuntchito? Pagulu?"

"Ayi, kuseri kwa nyumba. Mumgolo."

"Mumgolo!"

"Wa madzi owira."

Apongozi anagwira kauntala ndi manja onse awiri.

"Koma zinatha bwino," anapitiriza mkamwini, poona ngati mkuluyo akufuna kumva mapeto. "Nditayanika padzuwa masiku awiri, fungo lonse linatha. Ndinasitanso."

"Munasita."

"Mbali zonse. Kolala ndiye inavuta."

Kunja galimoto inadutsa ikuwaza madzi pazenera.

"Akamwini."

"Bambo."

"Mwana wanga alibe kolala."

"Ayi, alibe. Ndikunena jekete."

Apongozi anakhalanso pansi pang'onopang'ono. Anapuma kawiri. Kenaka nkhope inayamba kusintha kachiwiri, ndipo mkamwini anaona kuti nkhope yoyamba ija inali yabwinoko.

"Jekete liti?"

"Limenelo."

"Ili?"

"Palibenso lina lonunkha choncho."

"Anakutumani ndani?"

"Mwana wanu. Anati, 'Bambo akutuluka Lachisanu, muwachapire zovala zonse.' Ndinafunsa kuti zonse? Anati zonse. Jekete ndi chovala."

"Ili silichapidwa! Limangopukutidwa ndi kansalu ka madzi ozizira, basi! Simunawerenge kapepala kam'kati?"

"Ndinakawerenga."

"Kanati chiyani?"

"Kanali katafufutika. Panangotsala mawu amodzi, akuti kuchapa. Ndinaganiza kuti akulamula."

"Nanga phula?"

"Ndinaphula, bambo. Litangowira kachitatu ndinaphula."

"Sindikunena kuphula mgolo! Phula! Phula lija linali pansalu!"

"Ooh, limenelo. Ndinkayesa munagwa pamsewu akuukonza. Ndinamva chisoni kuti munthu wamkulu wayenda nalo zaka zonsezi osauza ana."

"Lili kuti?"

"Linayandama pamwamba. Ndinaliyengula ndi chikho."

"N'kuliika pati?"

"M'ngalande."

"M'ngalande."

"Koma ngalandeyo, bambo, chiyambire tsiku limenelo madzi sakulowamo. Amangochita timikanda n'kumagubuduka. Pamenepo munanena zoona."

Apongozi anatseka maso. Dontho linatsika kumphuno kwawo, linaima kaye kunsonga ngati likuganiza, n'kugwera pabondo.

Mkamwini anaona kuti ntchito ya kuhotela yapita. Anaona makina akuluakulu aja amene ankawalota, yunifolomu yoyera, tchuthi cha pachaka, zonse zikutsetsereka kutsata phula m'ngalande. Anaganizanso za madzulo, mmene adzafotokozere mkazi wake kuti waphika jekete la bambo ake. Chinamutsalira n'chimodzi chokha.

"Bambo, kalatayo mukhoza kuing'amba. Ndi yanu. Koma ndiloleni ndiione kamodzi, ngakhale itasanduka phala. Palibe munthu anandilemberapo masamba awiri."

Mkuluyo anamasula mabatani mmodzimmodzi, analowetsa dzanja m'thumba lam'kati, natulutsa kaphukusi. Anakaika pakauntala. Kanali komangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Anamasula mphirawo. M'kati munali kathumba kapulasitiki. Anakafunyulula. Munali kathumba kena. Anakafunyulula. Munalinso kachitatu, kopindidwa mwaluso, kukamwa kwake koyang'ana pansi. Ndipo m'menemo munatuluka envelopu youma gwa, yopanda ngakhale kadontho.

Mkamwini anaigwira ndi nsonga za zala, anaitembenuza, anainunkhiza.

"Youma."

"Ndinakuuzani."

"Koma bambo, ndifunse?"

"Mwafunsa kale zambiri."

"Timatumbati n'tachiyani?"

"N'tosungira fumbi."

"Fumbi, mvula yonseyi?"

"Fumbi silidziwa nyengo."

"Koma timatumbati n'takale. Taonani, aka kachita kuyera m'mopinda. Sitolo yolembedwa apayi inatsekedwa ine ndisanakwatire. Ndipo mphirawu wachita kutenga maonekedwe a thumba lanu." Anakanda kumutu, akuwerengera moona mtima. "Ine ndachapa jekete sabata yatha. Inu mwadziwa lero. Ndiye munayamba bwanji kukulunga mapepala zaka khumi ndisanalichape?"

Apongozi anayang'ana kuchitseko. Anayang'ana kuseri kwa makina. Atatsimikiza kuti m'shopumo muli anthu awiri okha, anakodola mkamwini ndi chala kuti asendere.

"Jekete ili anandigulira ndi malemu apongozi anu aakazi," anatero motsitsa mawu. "Chaka chimene tinakwatirana. Anayenda nalo mtunda wautali atalibisa m'chikwama, n'kudzandiveka pamaso pa abale anga onse. Anati, 'Wogulitsa walumbira kuti ili sililowa madzi.' Mkulu wanga anaseka, akuti akupusitsani, mlamu. Ine ndinaimirira n'kunena kuti mkazi wanga sapusitsidwa."

"Ndiye?"

"Ndiye sapusitsidwa."

"Koma jekete..."

"Chaka chilichonse ndimalipaka phula latsopano. Pansalu madzi salowadi. Amalowera m'misoko, m'khosi ndi m'zipi. Mwa atatuwo ndani anauzidwa za phula?"

"Ndiye kuti ine sindinaliwononge?"

"Munaliwononga."

"Koma mwanena kuti..."

"Munaliwononga, akamwini, ndipo mukauza aliyense. Mukauza mwana wanga. Mukauza mkulu wanga uja, akadali moyo ndipo akusekabe. Mukauza telala ndi dokotala wa mano. Mukanena kuti linali jekete labwino, losalowa ngakhale dontho, mpaka tsiku limene inu munaliphika mumgolo ngati nyemba."

"Katatu."

"Katatu. Ndodonso musaisiye."

"Nanga mzere uja wakuti sindinawonongepo kanthu?"

"Manijala sawerenga tsamba loyamba. Ndinagwira naye ntchito, ndikumudziwa."

Apongozi anavula jekete. Linatuluka movutikira ngati chikopa, ndipo atalipachika pa hang'ala linayamba kudontha pamalaya aja a kasitomala. Mkamwini anathamanga kukatenga juzi louma pashelefu ya zovala zimene eni ake anaziiwala. Mkuluyo analivala, anabwezera envelopu m'timatumba take titatu, anamanga mphira, kenaka anatambasula dzanja.

"Ambulera ija."

"Mwati ambulera ndi ya anthu opanda jekete."

"Nanga ine ndili nalo? Si mwaliwononga inu?"

Anaitsegulira m'nyumba momwemo, anaizunguza kamodzi pamwamba pa mutu, akuyang'ana nthiti zake ngati munthu amene waona chinthu chodabwitsa. Mkamwini anawatsegulira chitseko.

"Pepani kwambiri, bambo. Sindikudziwa kuti ndingakulipireni bwanji."

Apongozi anatuluka, anaima pansi pa ambulera, namvetsera mvula ikugogoda pamwamba osalowa. Kenaka anatembenuka, nkhope ili yosaseka.

"Mupepesa chiyani? Zaka makumi atatu ndi zisanu ndakhala ndikuvumbwa kusowa womunamizira. Inu munali kuti nthawi yonseyi?"