Chingwe Cholowera Potulukira

Olemekezeka oyendetsa mwambo uno, amene mwandipatsa mphindi zisanu ngati kuti simukundidziwa. Olemekezeka eni nyumba ino, amene munalola kuti chipinda chosungiramo matayala chisanduke situdiyo, ndipo mpaka lero simunafunse komwe matayalawo anapita. Olemekezeka akalipentala, amene munakhomera matiresi kukhoma mukupukusa mutu, mukuti chiyambireni ntchito yanu simunaonepo munthu wofuna kugona choimirira. Olemekezeka a zamagetsi, amene munathamangitsa njuchi zomwe zinkalira m'masipika. Olemekezeka aneba a kumanja ndi a kumanzere, amene muzimva nyimbo zonse zisanatuluke, mufune musafune. Alamu anga okondedwa. Achemwali anga amene mwakhala kumbuyoko. Ndi iwe mwini situdiyo, mwana wa achemwali anga, amene pakhomo pano timakutcha Namawaya chifukwa uli wamng'ono unaphwasula wayilesi ziwiri za bambo ako. Amayi ndi abambo nonse, ndakupatsani moni.

Ndikuthokoza chifukwa cha ulemu umenewu. Ndaimba gitala ya besi zaka makumi anayi, m'maukwati ndi m'maholo, nthawi zonse nditaima kumbuyo pafupi ndi woimba ng'oma, kumene wojambula zithunzi safikako. Lero ndi koyamba kundikhazika kutsogolo, pampando wokhala ndi khushoni, ndipo ndikuchenjezeni kuti sindichokapo msanga.

Mukalowa m'chipindamo muona kompyuta, gitala, kiyibodi ndi maikolofoni yaikulu yokhala ndi kasefa kutsogolo. Koma mtima wa zonsezo ndi kabokosi kakang'ono kali patebulo, kukula kwake ngati njerwa, kamene achinyamata akukatcha intafesi. Ntchito yake ndi kulandira mawu kuchokera ku gitala kapena ku maikolofoni, kuwapereka ku kompyuta, kenaka kuwabweza m'makutu mwanu. Kutsogolo kwake kuli mabowo awiri olowera. Chakumapeto kuli bowo lina lotulukira, ndipo pamwamba pake anajambulapo mahedifoni kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga asasochere. Ndikulongosola bwino chonchi chifukwa ndinaphunzira Lachiwiri lapitali, ndipo ndinaphunzira mowawa.

Tsikulo ndinabwera kudzayendera ntchito, besi ili kumsana. Namawaya anandilandira pakhomo.

"Amalume, dikirani ndikuonetseni kalumikizidwe kake."

Ine ndinati, "Iwe mwana, ine ndinayamba kulumikiza zingwe mayi ako asanadziwane ndi bambo ako. Khala apo uonere."

Paja akulu anati safunsa anadya phula. Ndinatenga chingwe cha besi, ndinachilowetsa pa bowo lomwe linandiyang'ana bwino, ndinamenya nsambo. Kunali zii. Ndinapotokola kagudumu koyamba, kachiwiri, kachitatu, ndinagogoda kabokosiko ndi chala monga tinkachitira kale. Kunali ziii. Ndinati, "Mwana iwe anakupusitsa, kabokosi aka n'kakufa."

Iye anayankha mwaulemu, koma milomo ikunjenjemera ndi phwete: "Amalume, mwalowera potulukira. Bowo limenelo ndi la mahedifoni."

Sekani, sekani, alamu, inu simudziwa n'komwe kumene gitala amagwira.

Titakonza zimenezo, ndinatenga mahedifoni anga akale, koma mutu wa chingwe chake unali waung'ono, unkangogwedera m'bowomo. Namawaya anatulutsa m'thumba kachitsulo kagolide kokulitsira mutuwo, kamene akuti m'situdiyo iliyonse kamasowa kuposa supuni yaing'ono kukhitchini. Kenaka ndinakweza mawu mpaka kumapeto, kanyali kobiriwira kanasanduka kofiira, ine n'kumwetulira. Iye anati, "Amalume, kakafiira ndiye kuti mawu akung'ambika, tsitsani." Ine ndinkayesa kuti kakundiyamikira.

Pomaliza zonse zinakhala m'malo mwake. Ndinavala mahedifoni, ndinatsinzina, ndinaimba. Abale anga, besi inkamveka ngati ndabwerera ku unyamata. Ndinaimba mphindi zisanu ndi imodzi osapuma, thukuta lili kamukamu, ndipo nditamaliza ndinati, "Ibweze timve, uphunzirepo kanthu."

Anadina batani. Pa kompyuta panali mzere wowongoka ngati chingwe choyanikira zovala, ndipo m'masipika simunatuluke kalikonse. Besi ndinailowetsa pa bowo loyamba, pamene kompyuta, imene ndinaumirira kuitchera ndekha, ndinaiuza kuti izimvera bowo lachiwiri. Zomwe ndinkamva zija zinkachokera m'kabokosi kulunjika m'khutu, osadzera kojambulira.

"Amalume," anatero Namawaya, "kumva m'khutu si kujambula. Muziyang'ana ngati mzere ukuvina."

Iye ankaseka, koma ine ndinangokhala pa chitini cha penti chomwe chinali pakona. Cholakwa chimenechi sikanali koyamba kuchichita.

Olemekezeka nonse, mundilole ndibwerere zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi kumbuyo. Tinali ndi gulu la anthu asanu, ndipo woimba wathu anali achemwali angawa, ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Achinyamata inu mumawadziwa ngati mayi okalipa mukasiya nsapato pakhomo, koma ife tinkawadziwa ngati munthu amene akatsegula pakamwa, operekera zakumwa paukwati ankaima ndi mathireyi m'manja. Bambo wina anatibwereka makina a tepi kwa m'mawa umodzi wokha, Loweruka, m'holo ya pasukulu. Atafunsa kuti ndani amadziwa zingwe, ine ndinakweza dzanja msangamsanga, kuopa kuti wa ng'oma angandipitirire.

Achemwali anali ndi nyimbo yawoyawo, yopeka okha, yoimba ndi gitala imodzi basi. Mahedifoni analipo amodzi, ndipo ndinavala ine. Chingwe chake ndinachilowetsa mu mikisa, kabokosi ka masiku amenewo kosakanizira mawu, tepi inayamba kuzungulira, iwo anaimba. Anaimba kamodzi kokha, osalakwitsa, ndipo atamaliza wa ng'oma uja, munthu amene sankalira ngakhale pamaliro, anatembenukira kukhoma.

Anzanga atatuluka kukapuma, ndinabweza tepi kuti ndimve ndekha. Munali mphepo yokhayokha. Chingwe chochokera ku mikisa ndinachilowetsa pa bowo lotulukira la makina a tepi. Ine ndinamva zonse, tepi sinamve kanthu. Ndisanaganize chochita, mwini makina anafika ndi galimoto yake n'kuyamba kunyamula.

Achemwali anandipeza pakhonde, maso akuwala. "Zatuluka bwanji, achimwene?"

Pamenepo ndikanangoti ndalakwitsa chingwe, akanandikalipira sabata imodzi n'kutha. Koma ndinali mnyamata wodzimva, ndipo ndinali nditakweza dzanja pamaso pa anthu. Ndinati, "Sizinatuluke bwino, achemwali. Mawu anu amanjenjemera pa tepi. Tidzayesanso."

Anangoti, "Chabwino." Patapita miyezi iwiri anasiya gulu, ndipo kuyambira pamenepo sanaimenso kutsogolo kwa maikolofoni. Ine ndinkadziuza kuti chinawasiyitsa ndi ukwati, ndipo alamu, mundikhululukire, ndakhala ndikukunamizirani mumtima zaka zonsezi.

Lachiwiri lija, ndili pa chitini cha penti, Namawaya anandiuza chimene anamangira situdiyoyi. Anati, "Amalume, ine ndimafuna woyamba kujambula muno akhale amayi. Amaimba akamachapa, nyimbo ina yake imene sindinaimvepo kwina kulikonse. Koma akukana. Akuti mawu awo amanjenjemera pa makina, anawauza ndi odziwa."

Odziwawo ndi ine, amene ndaima pano nditavala tayi.

Ndaona kuseka kwatha, ndipo n'koyenera. Achemwali, ndikanatha kubwera kunyumba kudzanena izi pakhonde, tili awiri. Koma bodzalo lakudyerani zaka pamaso pa anthu, choncho lithere pamaso pa anthu. Wa gitala anatisiya, wa ng'oma anatisiya, wa kiyibodi anatsatira chaka chatha. Mboni yatsala ndine ndekha, ndipo paja kalowa m'khutu kayaza mphasa. Mawu anu sananjenjemere. Amene ananjenjemera ndi ine. Ndaimbira oimba oposa zana, ena otchuka, ena odzitchukitsa, ndipo sindinamvenso m'mahedifoni chinthu chokoma ngati chimene ndinamva m'mawa umenewo. Ndinachita manyazi ndi chingwe, ndinakuberani nyimbo yanu. Pepani, achemwali anga. Ndikupepesa ndi mtima wonse.

Kwa achinyamata amene muzigwiritsa ntchito chipinda chino, langizo langa ndi lalifupi. Musanauze woimba kuti yamba, jambulani kachidutswa kakang'ono, mubweze, mumve. Tsitsani mawu musanazule chingwe, kuti musagonthetse mnzanu amene wavala mahedifoni. Ndipo zikakanika, yambani mwakayikira dzanja lanu musanakayikire mmero wa munthu.

Tsopano, papulogalamu alembapo kuti mlendo wolemekezeka alowetse chingwe choyamba m'malo modula riboni. Namawaya, mwana wanga, wamva mbiri yanga yonse, kodi ukadali wolimba mtima? Chingwechi chili apa, ndachigwira. Koma sindikufuna kuti situdiyoyi iyambe ndi besi ya nkhalamba. Achemwali, sindikukulamulani, ndilibe mphamvu imeneyo ndipo sindinakhalepo nayo. Ndikungopempha. Nyimbo ija ili m'mutu mwanu mokha, ndipo mwana wanu wakhoma matiresi kukhoma kuti aisunge.

Musawakakamize, anthuni, asiyeni. Alamu, musawakoke dzanja.

Aimirira okha.

Mukuti bwanji, achemwali? Nenani mokweza, makutu anatha ndi masipika awa. Eya, ndamva. Olemekezeka nonse, akuti aimba, koma ine ndikhale panja, chitseko chitsekedwe, ndipo ndisakhudze chingwe chilichonse mpaka ndidzafe. Akutinso nkhani yanga ndi iwo sinathe, tikambirana bwino anthu akabalalika. Ndavomera zonse, ndipo amene ali ndi malo m'galimoto asanyamuke osandiuza.

Namawaya, tenga chingwe chako, ulowetse wekha. Apatse mayi ako mahedifoni, adzimve okha koyamba.

Ndi mphamvu zimene mwandipatsa, ndiponso manja anga onse awiri ali m'thumba kuti aliyense awaone komwe ali, ndikulengeza kuti situdiyo ino yatsegulidwa tsopano.

Lowani, achemwali. Takhala tikukudikirani.

Zikomo kwambiri nonse.